Mabuku a loja: pa cloud, pa kompyuta ya m'sitolo, kapena konsekonse?

Anzanga a malonda kuno ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi inu a ku Moatize ndi Zóbuè, mwandifunsa funso limodzimodzi mpaka ndatopa kuyankha mmodzimmodzi: kodi mabuku a bizinesi tiwasamutsire pa cloud, kutanthauza kuwasunga pa intaneti, monga akutinyengerera anyamata ogulitsa mapulogalamu aja, kapena tingokhala ndi kompyuta yathu m'loja? Ine ndimagulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a mbatata ku Ulongué, ndipo njira zitatu zomwe zilipo ndinaziyesa zonse.

Yoyamba ndi pulogalamu ya pa cloud yokhayokha. Mumalipira mwezi ndi mwezi, mumalowa pa intaneti, ndipo katundu, mafatura (malisiti a malonda) ndi ngongole zonse zimakhala m'makompyuta a kampani ina kutali. Yachiwiri ndi kompyuta ya m'loja yokhala ndi pulogalamu yogula kamodzi, kapena Excel basi. Yachitatu ndi kompyuta ya m'loja yomweyo, koma madzulo aliwonse mafayilo nkumakwera ku Google Drive kapena OneDrive, malo osungirako mafayilo pa cloud a Google ndi Microsoft.

Za kukongola kwa mapulogalamuwa sindinena, wogulitsa akuonetsani yekha. Ine ndiyambira pa kulipira, chifukwa mpamene ndinapsa.

Makampani ambiri akunja salandira ndalama za pa foni monga e-Mola kapena mKesh. Amafuna khadi ya Visa kapena Mastercard, ndipo mtengo ndi wa madola. Wina anena kuti palibe vuto, poti kuyambira 2021 dola ku banki yangoima pafupi ndi meticais 64. Zoona, koma mtengo kuima sikutanthauza kuti dolayo muipeza. Mu 2024 ndi 2025 amalonda akuluakulu a ku Maputo, kudzera ku bungwe lawo la CTA, ankadandaula poyera kuti ndalama zakunja zikusowa m'mabanki. Ngati ankalira ndi iwowo, nanga ife a feteleza wa matumba? Khadi yanga inakanidwa mwezi wa Novembala, mvula itayamba, alimi ali pa mzere pakhomo. Ndalama mu akaunti zinalimo. Ku banki anandiuza kuti ndidikire. Kampani ya pulogalamuyo sinadikire: inanditumizira makalata m'Chingerezi, kenako nkutseka.

Chomwe chinandiwawa si kulephera kusindikiza fatura, poti bukhu la mafatura olemba pamanja ndinali nalo. Chinandiwawa ndi ngongole. Alimi a ku Domué ndi Tsangano amatenga katundu nkudzalipira akagulitsa mbatata kapena soya, ena amalipira pang'onopang'ono, ndipo mndandanda wonse unali mkati mmenemo. Munthu wamkulu afika ndi ndalama zake m'manja, akufunsa kuti "Mwanangu, kwatsala zingati?", ine nkumangoyang'ana kompyuta. Ena oona mtima ananena okha. Ena anaona mpata. Chimanga chinali changa, koma nkhokwe ndi kiyi wake zinali za mwini.

Khadi itayamba kugwira ndinalipira, ndipo ndinaganiza zotuluka. Apa mpamene panabisala mtengo wina. Kutulutsa mbiri ya malonda ngati PDF kunali kwaulere, koma PDF simungaithire mu pulogalamu ina, mungoiwerenga ndi maso. Kuti ndiitenge yonse ngati fayilo ya Excel, anati ndikwere kaye pa gulu lodula. Kuti ndisiye pakati pa chaka, anati mgwirizano unali wa chaka chathunthu, miyezi yotsala ndilipirebe. Ndipo mtengo womwe amalengeza ndi wa munthu mmodzi. Mukaonjezera mnyamata wa pa kauntala ndi mlembi wa maakaunti, mwezi uliwonse mukulipira katatu. Wodandaulira palibe: nambala ya foni kulibe, mungolemba kalata nkudikira.

Makampani odziwika malamulo awo amawalemba poyera, ndipo muwawerenge musanalowe. Ku Microsoft 365 ya mabizinesi, mukasiya kulipira mafayilo amasungidwa kwa masiku pafupifupi 90 akaunti itayimitsidwa, kenako amafufutidwa. Google imapereka 15 GB yaulere, koma kuyambira Disembala 2023 akaunti yaulere yomwe yakhala zaka 2 osaigwiritsa ntchito ikhoza kufufutidwa. Pa nkhani ya kulipirayi njira yachiwiri yapambana kutali, poti mukagula mwagula. Yachitatu ikutsatira, chifukwa mafayilo a Excel a loja ngati yanga sangadzaze 15 GB ngakhale patapita zaka.

Tsopano rede, netiweki ya intaneti ija. Wogulitsa amakuonetsani pulogalamu ali mu ofesi ya mumzinda wa Tete momwe intaneti ikuthamanga. Muuzeni adzaionetsere kuseri kwa phiri ku Macanga. Komanso si vuto la kumudzi lokha. Makompyuta a cloud a Amazon, Microsoft ndi Google omwe ali pafupi nafe ali ku Cape Town ndi Johannesburg, ndipo pulogalamu zambiri zimakhala kutali kuposa apo, ku Ulaya kapena ku America. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka, intaneti nkufooka kuyambira kuno mpaka ku Malawi, Tanzania ndi Kenya. Chaka chomwecho, pambuyo pa chisankho cha pa 9 Okutobala, intaneti ya pa foni inkazimitsidwa, WhatsApp ndi Facebook nkutsekedwa. Kukhala ndi SIM ya Movitel, ya Vodacom ndi ya Tmcel m'thumba limodzi sikunathandize masiku amenewo. Wa njira yoyamba anabwerera ku kope ndi cholembera. Wa njira yachitatu anagulitsabe monga mwa masiku onse, mafayilo nkudzakwera rede itabwerera.

Starlink, intaneti yodzera pa satelayiti, inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo omwe ali nayo amaiyamikira. Koma ndi ndalama ina ya pamwezi pamwamba pa ya pulogalamu, ndipo imafuna magetsi.

Magetsi amenewa amalanga njira zonse mofanana. Damu la magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi ku Songo, mphamvu yake ndi mamegawati 2,075, ochuluka amapita ku South Africa, ife mvula ikagunda timayatsa kandulo. Gulani laputopu, poti ili ndi batire, osati kompyuta ya patebulo.

Ndisanamizire: pali pomwe cloud imapambana, ndipo njira yachiwiri yokhayokha sindingalangize munthu. Kompyuta ya m'loja imabedwa, imapsa ndi mphezi, imadya fumbi la feteleza, imatenga vairasi kuchokera pa flash ya mwana wa sukulu wodzasindikiza ntchito yake. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúboè pakati pa Tete ndi Moatize, madzi nkulowa m'nyumba za anthu. Amene mabuku ake onse anali mu kompyuta imodzi pansi pa kauntala, madzi otere sangamusiyire kanthu, pamene a Finanças, a msonkho aja, akabwera adzafunabe mafatura a zaka za m'mbuyo. Nchifukwa chake ndimaumirira pa yachitatu.

Za mbava za pa intaneti anthu amaziopa kwambiri, koma zomwe ndaona ine ndi za pafupi. Akaunti ya loja inatsegulidwa pa imelo ya mphwanu wodziwa makompyuta, nambala yolandirira kodi ndi SIM yake, mawa wapita kukagwira ntchito ku Beira kapena mwakangana. Imelo ikhale ya bizinesi, SIM ikhale yanu, wantchito akachoka sinthani pasiwedi tsiku lomwelo. Izi nzofunika pa njira yoyamba ndi yachitatu pomwe.

Yachitatu ili ndi chilema chake. Ngati muli ndi maloja awiri, wina ku Ulongué wina ku Calómuè, simungaone katundu wa konsekonse nthawi imodzi, mudikira madzulo. Ndipo mnyamata akaiwala kulumikiza intaneti sabata yonse, mafayilo a pa cloud amakhala akale. Ine Loweruka lililonse ndimatsegula pa foni kuona deti la fayilo yomaliza, ndikukoperanso pa flash yomwe imagona kunyumba.

Cloud yokhayokha ndingaivomereze kwa kampani ya mumzinda wa Tete kapena ku Moatize yogulitsa katundu ku migodi ya malasha, yokhala ndi intaneti ziwiri, jenereta ndi nthambi zingapo. Ngakhale inuyo akuluakulu, wogulitsa asanachoke mu ofesi mwanu, akuonetseni pamaso panu batani lotulutsira zonse ku Excel, alisindikize, fayilo itsike, muitsegule. Akuuzeninso, molemba, ngati mungalipire mu meticais kudzera ku banki ya konkuno, ndi masiku angati omwe amadikira khadi ikakanidwa asanatseke.