Ma void elf a mu World of Warcraft: okoma kusewera, koma sanathetse mkangano

Ndakhala ndikusewera ngati void elf (elf wogwiritsa ntchito mphamvu za mdima) mu gemu ya pa intaneti ya World of Warcraft kwa nthawi yaitali ndithu, ndipo maganizo anga pa mtundu umenewu ndi akuti ndi wokoma kuusewera, koma Blizzard, kampani yopanga gemuyi, inaupereka kwa anthu amene ankapempha mtundu wina wotchedwa high elf. Kuti munthu amvetse chifukwa chake osewera ambiri a mbali ya Alliance (imodzi mwa mbali ziwiri zolimbana m'gemuyi, inayo ndi Horde) anaulandira mtima uli pawiri, ayenera kubwerera kaye ku mbiri ya ma elf, anthu ongopeka a makutu osongoka, m'dziko la gemuyi.

Mu Warcraft II, yomwe inatuluka mu 1995, ma elf a khungu loyera odziwa kuponya mivi, otchedwa ma high elf, ankamenya nkhondo ku mbali ya Alliance. Mu Warcraft III ya 2002, Arthas, kalonga amene anasanduka woipa, anawononga dziko lawo la Quel'Thalas ndi kudetsa chitsime chawo cha mphamvu chotchedwa Sunwell, ndipo pambuyo pake ambiri mwa opulumuka, motsogozedwa ndi Kael'thas Sunstrider, anadzitcha ma blood elf pokumbukira abale awo amene anaphedwa. Pamene gawo lowonjezera la World of Warcraft lotchedwa The Burning Crusade linatuluka mu Januwale 2007, ma blood elf analowa mu Horde. Komabe kagulu kochepa kanakana dzina latsopanolo n'kupitiriza kutchedwa ma high elf, ndipo osewera akhala akukaona m'gemu kwa zaka zambiri, makamaka gulu la Silver Covenant la ku Dalaran lotsogozedwa ndi Vereesa Windrunner. Anthu amenewa amavala mtundu wabuluu, amamenyera Alliance, amalankhula nawe ndi kukutuma ntchito, koma iwe wosewera sungakhale mmodzi wa iwo. Apa ndi pamene pagona mkangano wonse.

Ma void elf analengezedwa ku BlizzCon, msonkhano waukulu wa Blizzard, mu Novembala 2017, ndipo anayamba kuseweredwa mu Januwale 2018 ndi amene anagula msanga gawo la Battle for Azeroth. Nkhani yawo ndi yakuti Magister Umbric ndi omutsatira ake anathamangitsidwa ku Silvermoon, likulu la ma blood elf, chifukwa chofufuza mphamvu za mdima zotchedwa Void, ndipo Alleria Windrunner, m'bale wake wa Vereesa, anawapulumutsa n'kuwabweretsa ku Alliance. Pa nthawi yomweyo Horde inalandira ma Nightborne, mtundu wina wa ma elf wa mu mzinda wa Suramar, omwe osewera a mbali zonse ziwiri anawathandiza kumasula mzinda wawo mu gawo la Legion, ndipo zimenezi zinawawa anthu ena a Alliance kuposa momwe opanga gemu ankayembekezera.

Pa kaseweredwe ndilibe chodandaula. Luso la Spatial Rift, lomwe limakulola kuponya mpata wa mdima patsogolo kenako n'kusamukirapo mwadzidzidzi, landipulumutsa kangapo pamene moto wazinga pansi ndipo palibe njira yothawira. Entropic Embrace imawonjezera mphamvu pa zimene ukuchita pankhondo, pamene Ethereal Connection imatsitsa mtengo wosinthira maonekedwe a zovala, chinthu chimene okonda kuvala bwino m'gemu amachiyamikira sabata ndi sabata. Malo awo oyambira, Telogrus Rift, ndi okongola ndi thambo lake lofiirira ndi miyala yoyandama, ngakhale kuti ndi aang'ono ndipo munthu sakhala ndi chifukwa chenicheni chobwererako. Kale kutsegula mtunduwu kunkafuna kukondweretsa gulu la Argussian Reach mpaka pa mlingo wapamwamba, ntchito ya masabata angapo, koma lamulo limeneli linachotsedwa mu 2020.

Kufooka kwa mtunduwu kuli pa mizu yake. Ma high elf anali ndi mbiri ya zaka zoposa 20 m'maganizo a osewera, pamene gulu la Umbric linatulukira mu nkhani yaifupi imodzi yokha, ndipo palibe amene anali atalimvapo kale. Opanga gemu anafotokoza kuti ma high elf ndi ofanana kwambiri ndi ma blood elf, kotero kuti kuwapereka ku Alliance kukanafafaniza kusiyana kwa mbali ziwirizi. Mu 2018 mkulu wa gemuyi, Ion Hazzikostas, poyankha mafunso anauza ofuna elf wa khungu loyera ndi tsitsi lachikasu kuti Horde ilipo ndipo ikuwadikira. Mfundo yake ndimaimvetsa, chifukwa pa bwalo la nkhondo munthu ayenera kuzindikira mdani ndi maso asanawerenge dzina, ndipo osewera a Horde anali ndi ufulu wonena kuti mtundu umene akhala nawo kuyambira 2007 usagawidwe. Koma mfundoyi inali itafooka kale mu 2012 pamene ma pandaren, mtundu wooneka ngati nyama ya panda, analoledwa kusankha mbali iliyonse, ndipo void elf mwiniyo ali ndi thupi ndi kayendedwe ka blood elf, kusiyana kwake ndi utoto basi. Choposa apo, wopempha high elf sankafuna khungu lokha ayi. Ankafuna kukhala elf amene sanachoke mu Alliance pamene abale ake ankachoka, ndipo kumuuza kuti apite ku Horde kunali kumuuza kuti ataye chifukwa chenichenicho chimene ankapemphera.

Patapita nthawi zinthu zinasintha. Mu Okutobala 2020, gawo la Shadowlands litatsala pang'ono kutuluka, ma void elf anapatsidwa makungu ofanana ndi a ma blood elf, nawonso ma blood elf anapatsidwa maso abuluu. Mu Novembala 2021 panabwera mitundu ya tsitsi lachilengedwe komanso mwayi wochotsa timiyendo ta mdima tomwe timalendewera m'tsitsi. Lero mukhoza kupanga void elf amene pomuyang'ana simungamusiyanitse ndi msilikali wa Silver Covenant, ndipo wanga ndinamupanga chomwecho tsiku lomwelo. Chimene sichinasinthe ndi dzina la mtundu, mawu ake omveka ngati ochokera m'phanga, ndi nkhani imene gemu imakuuza za iwe mwini. Wosewera amakhala high elf m'mutu mwake mokha.

Kuyambira mu Meyi 2022 osewera a Alliance ndi Horde amatha kulowa limodzi m'ma dungeon ndi m'ma raid (malo olimbana ndi adani pagulu), ndipo mu 2023 analoledwa kukhala m'gulu limodzi la osewera. Khoma limene ankaliteteza pokana ma high elf latsika kwambiri, ndipo ine sindikuonanso chifukwa chomveka chokanira kupereka dzinalo ngati chosankha mkati mwa mtundu womwewu.

Kwa amene akufuna elf wa nkhani ya mdima, woyenda m'malire a misala koma wofuna kugwiritsa ntchito mphamvuyo poteteza anzake, void elf ndi woyenera nthawi yanu, makamaka ngati shadow priest kapena warlock, omwe amamenya nkhondo ndi matsenga a mdima. Kwa amene akufuna high elf, mudzapeza nkhope imene mumaifuna, koma pa tsamba lopangira munthu wanu padzalembedwabe kuti void elf.