Patha miyezi 8 mwana wanga akulemba ndi pakamwa

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3. Anabadwa ndi cerebral palsy, vuto la muubongo lomwe limalepheretsa ziwalo zina kugwira bwino ntchito, ndipo dzanja lake lamanja silimumvera. Mutu ndi wakuthwa, koma pamene iye akumaliza tsamba limodzi anzake amakhala alemba atatu, zala zitauma, bolopeni ikuboola pepala. Mu September, sukulu zikutsegulira, amalume ake a ku Johannesburg anatumiza laputopu yakale pa basi, amvekere: "Mwanayo aziyankhula, makina azilemba." Tsopano tili mu May.

Njira zolembera ndi mawu zilipo zingapo. Mu Google Docs ilimo, mu Word ilimo, ngakhale pa foni za Android. Palinso Dragon, yomwe kuyambira 1997 imamva munthu akuyankhula mosadukiza, koma ndi yogula. Ife tinatenga yaulere, yofuna intaneti.

Masabata oyamba anali a misozi. Pakamwa pathu l ndi r zimatuluka ngati chinthu chimodzi, pomwe m'Chingerezi zimasintha tanthauzo. Akati "river", pagalasi pakubwera "liver". Akati "pray", pakubwera "play". Tsiku lina akulemba za mtsinje wa Shire anabwereza liwu limodzi kasanu, kenako anatseka laputopu n'kukagona osadya. Ndinatsala pang'ono kuibweza.

Chinatiwombola ndi tinthu ting'onoting'ono. Pamndandanda wa zilankhulo tinasiya Chingerezi cha ku America n'kusankha cha kuno ku Africa. Tinagula mahedifoni okhala ndi maikolofoni yofika pafupi ndi mlomo. Ndipo mwanayo anaphunzira yekha kuti chiganizo azichiumba kaye mumtima, kenako achinene chonse, osati kudulira pakati n'kumati "eee". Amatchulanso "comma" ndi "full stop" pamalo pake. Mayina ngati Liwonde kapena Mulanje akalakwika amawakonza ndi chala chimodzi cha kumanzere, osadandaulanso.

Usiku wina mu November anandiitana: "Amayi, tabwerani muwerenge." Chinali chimangirizo cha masamba awiri chokamba za agogo ake, mmene ankamuberekera kumbuyo kupita naye kusukulu ali Sitandade 1, ndi fungo la utsi pa chitenje chawo. Zaka zonsezi aphunzitsi ankalandira mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, chifukwa ndi pomwe dzanja linkathera. Ine mayi wake ndinali ndisanadziwe kuti mwana wanga amasunga zotere. Ndinawerenga kawiri nditaimirira. Pa ichi chokha, laputopuyi yabweza ndalama za bandulo zonse zomwe ndawononga.

M'kalasi ndiye nkhani ina. Ophunzira ndi ochuluka, ndipo makina sasankha mawu a mwini wake. Amatola ndi za oyandikana naye. Mvula ya January ikamagunda pamalata sipalembeka kanthu. Komanso taganizani mtsikana wa msinkhu wake kuyankhula mayankho ake mokweza anzake akumva. Anachita manyazi, ndipo sindikumudzudzula. Aphunzitsi ake a Chingerezi anatimvetsa: ikakwana nthawi yolemba chimangirizo amamulola kukakhala m'kachipinda ka mabuku, komwe kuli zii. Manotsi a pabolodi amangojambula ndi foni. Choncho amene akuganiza zogulira mwana wake chida chotere ayambe wakakamba ndi aphunzitsi za malo achete, chifukwa popanda malowo chidzangokhala cha homuweki.

Pa masamu sichithandiza. Magetsi akathima, batire ya laputopu yakale siichedwa kutha, ndipo netiweki ikavuta mawu amaima panjira.

Chimene chimandipweteka ndi Chichewa. Pamndandanda uja Chiswahili chilipo, Chizulu chilipo, chathu palibe. Mwana amene amanena miyambi ngati nkhalamba, phunziro la Chichewa ndi lomwe akulembabe ndi dzanja lopweteka lija. Tinayesa kumuyankhulitsa Chichewa makina ali pa Chiswahili, poganiza kuti ndi zapachibale, panatuluka zosawerengeka.

Chaka chamawa ndi MSCE, ndipo mayeso a MANEB amalembedwa papepala. N'chifukwa chake sitinataye bolopeni. Madzulo aliwonse amalemba pamanja kwa mphindi 20, nditamuthira madzi ofunda m'beseni kuti zala zifewe kaye. Ndayamba kale kukambirana ndi ahedi kuti vuto lake lidziwike asanalembetse mayeso, osati mawa lake akulowa m'chipinda cholembera.

Sabata yatha aphunzitsi aja anandiimitsa pamsika kundiuza kuti mwanayo tsopano amakweza dzanja kuti awerenge mokweza, ndipo "river" akuitchula bwino kuposa kalasi yonse.