Mikisa ya analogi kapena ya dijito: funsani kaye amene aziigwira

Ntchito ya mikisa ndi imodzimodzi kulikonse. Imalandira mawu a maikolofoni ndi zida zoyimbira, kuwakweza pa gain, kuwasalaza pa EQ, kenako n'kuwagawa: ena ku masipika a omvera, ena ku mamonita, masipika omwe oyimba amadzimvererapo pa siteji. Kusiyana kuli pa kagwiridwe.

Pa ya analogi batani lililonse lili ndi ntchito yake imodzi, ndipo onse ali poyera. Sipika ikangoyamba kulira, dzanja limafika pa tchanelo yovutayo, kutanthauza mzere wa mabatani a maikolofoni kapena chida chimodzi, mutu usanaganize n'komwe. N'chifukwa chake akuluakulu a ntchitoyi amaitchulabe mwaulemu mikisa ya Midas XL4 ya mu 1995. Koma ulemuwo unkabwera ndi thukuta. Kuti chimphona chotere chikwere m'galimoto pankafunika anthu angapo, kuwonjezera mabokosi okonzera mawu a compressor, gate ndi reverb, komanso chingwe chonenepa chotchedwa snake, chodutsa m'holo yonse kulumikiza siteji ndi mikisa. Gulu lina likakwera pa siteji, mabatani onse mumayambanso kupotokola, poyamba mutalemba pa pepala pomwe anali.

Dijito inabwera kudzathetsa zimenezi. Yamaha PM1D ndi DiGiCo D5 zinatsegula njira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma zinali za makampani akuluakulu okha. Zinthu zinatembenuka mu 2012 pamene Behringer inatulutsa X32, yolandira maikolofoni 32, yokhala ndi mafeda (timabatani totsetsereka tokwezera ndi kutsitsira mawu) 25 oyenda okha, pa mtengo woti matchalitchi ndi magulu ang'onoang'ono angaufikire. Tchanelo iliyonse ili kale ndi gate ndi compressor m'kati. Zomwe mwakonzera gulu lililonse poyeserera mumazisunga, nthawi yawo ikakwana mumangodina batani limodzi mafeda n'kubwerera pamalo pake. M'malo mwa snake uja pamayenda kachingwe ka Cat5 kofika mamita 100. Chomwe ine ndimachikonda koposa n'chakuti mutha kutenga thabuleti yoyendetsera mikisayo, kukaima pambali pa woyimba n'kumva zomwe monita yake ikumupatsa.

Zovuta zake zimabisala m'masikirini. Feda imodzi imagwira matchanelo angapo malinga ndi layer (gulu la matchanelo) yomwe mwatsegula, ndiye munthu wosazolowera amatsitsa ng'oma akuganiza kuti akutsitsa mlaliki. Magetsi akaphethira, ya dijito imayamba yadzuka kaye ngati kompyuta anthu ali duu, pamene ya analogi imayankhula pompo. N'chifukwa chake muikepo UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi akazima.

Za kuti analogi imamveka mokoma kuposa inzake, ine ndimaziona ngati zokokomeza. Masipika ndi kamangidwe ka holo zimasintha mawu kwambiri kuposa mikisa.

Ngati muli ndi magulu osinthanasinthana, mamonita ambiri, ndi munthu mmodzi wokhazikika wofuna kuphunzira, tengani ya dijito. Ngati ndi maikolofoni ochepa, ndipo sabata iliyonse pamakhala munthu wina wongodzipereka, ya analogi ya matchanelo 16 ikukwanirani.