Kompositi ya khonsolo, ndowe za akavalo kapena mulu wa pakhomo: tithire chiyani pa allotment?

Aliyense amene walandira dimba la allotment ku Britain (dimba lochita lendi, nthawi zambiri kwa khonsolo, lolimamo ndiwo zamasamba ndi zipatso) amazindikira msanga kuti chosowa chachikulu ndi manyowa okwanira. Dimba lathunthu limakhala pafupifupi masikweya mita 250, ndipo ngakhale mabedi atangotenga masikweya mita 100 okha, kuti muyalepo manyowa okhuthala masentimita awiri ndi theka pamafunika makyubiki mita awiri ndi theka. Manyowa ochuluka chotere amapezeka m'njira zitatu: kompositi yochokera ku zinyalala za m'minda zimene khonsolo imatolera, ndowe za akavalo, ndi mulu umene mlimi amawunjika yekha.

Kompositi ya khonsolo imapangidwa ndi kapinga wotchetcha, masamba ndi nthambi zimene zimaphwanyidwa ndi makina, kenako n'kuwunjikidwa m'milu italiitali imene imatembenuzidwa kawirikawiri. Miluyi imatentha kupitirira madigiri 60, kutentha kumene mulu wa pakhomo sufikapo nthawi zambiri, ndipo n'chifukwa chake njere za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda ambiri zimafa. Pogula ndi bwino kufunsa ngati ili ndi chiphaso cha PAS 100, muyezo wa bungwe loona za miyezo ku Britain la BSI umene umaika malire a zitsulo zoopsa, tizilombo ndi zinyalala. Komabe muyezowu sulonjeza kuti kompositiyo ilibiretu zinyalala. Mukatapa ndi manja mudzaona timitengo tosawola bwino, tizidutswa ta pulasitiki, ndipo nthawi zina kagalasi kosweka, motero magolovesi ndi sefa n'zofunika.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kuitenga kompositiyi ngati feteleza. Ndi yakuda bii, yooneka yachonde, koma naitrojeni wake wambiri ndi womangika ndipo amatuluka pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Potaziyamu ndiye alimo wochuluka. Amene amalima mpiru, nkhwani ndi chimanga, monga amachitira Amalawi ndi Azambia ena okhala ku Britain, adzaona masamba akuchita chikasu ngati sawonjezera zitosi za nkhuku zouma zogulitsidwa m'zidebe. Ntchito yake yeniyeni ndi kufewetsa dothi lamakande, kusunga chinyezi m'dothi lamchenga ndi kuitana nyongolotsi. Ilinso ndi khalidwe la laimu, limene limakomera kabichi chifukwa matenda otupitsa mizu sakonda dothi lotero, koma mbatata ya kachewere imatha kuchita nkhanambo pakhungu, ndipo mitengo ya zipatso za blueberry siifuna n'komwe. Kufesamo njere mwachindunji n'kosathandiza, chifukwa mchere wake umalepheretsa timbewu tanthete.

Ndowe za akavalo zimapatsa mbewu chakudya mofulumirirapo, ndipo makola ambiri amazipereka mwaulere kwa amene wabwera ndi matumba ake. Ziyenera kuwola miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo zimabwera ndi njere za udzu. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala opha udzu a aminopyralid, amene amapoperedwa m'malo odyetsera ziweto, n'kudutsa m'mimba mwa nyama osawonongeka. M'chaka cha 2008 madimba ambiri ku Britain anataya matimati, nyemba ndi mbatata chifukwa cha ndowe zotere, ndipo kawirikawiri mwini khola sadziwa zimene zinapoperedwa pa udzu wouma umene anagula kwina. Kompositi ya khonsolo nayonso ikhoza kukhala ndi mankhwala ofanana nawo a clopyralid ochokera pa kapinga, ngakhale kuti kusakanikirana kwa zinyalala za nyumba zambirimbiri kumachepetsa mphamvu yake.

Pa zonse ziwirizi pali njira yoyesera imene siyenera kudumphidwa. Dzalani nyemba m'timiphika tina muli manyowa okayikitsawo osakaniza ndi dothi, ndi m'tina muli dothi lodalirika lokha, ndipo dikirani milungu itatu kapena inayi. Masamba a kunsonga akayamba kupindikira mkati ngati supuni ndi kupotoka, manyowawo asafike pa bedi.

Mulu wa pakhomo ndiwo wabwino koposa, popeza mlimi amadziwa chilichonse chimene chalowamo, koma ndi wochepa kwambiri. Mulu wodzaza mgolo wa malita 330 ukawola umatsika mpaka kutsala mawilibala ochepa chabe. Ine ndimaona kuti uyenera kusungidwira mabowo odzalamo matimati ndi maungu, pamene kompositi ya khonsolo ikuyalidwa pamwamba pa mabedi onse nyengo yozizira isanayambe, osaitembenuzira pansi, monga amaphunzitsira mlimi wa ku Britain Charles Dowding m'ulimi wake wosagawula. Ndowe za akavalo ndingazitenge pokhapokha zitapambana mayeso a nyemba, ndipo ndingayambe kuzithira pa chimanga, chimene mankhwala amenewa sachivulaza.