Scania K410 yanga patatha miyezi 14 pa msewu wa ku Karonga

Mlamu wanga anandifunsa dzulo ngati nayenso agule basi ya Scania ngati yangayi. Anandipeza ndili ndi lisiti ya rediyeta m'manja, mtima uli m'mwamba, ndiye ndinangoti "musayerekeze". Lero mtima watsika, ndiyankhe bwinobwino.

Basiyi ndinaigula ku Johannesburg itayenda kale. Chasisi yake ndi K410 ya kampani ya ku Sweden ija, injini ya malita 13 ili kumbuyo, ndipo bodi inamangidwa ndi kampani ina. Imanyamuka ku Lilongwe, kudutsa Kasungu ndi Mzuzu mpaka Karonga. Giya yake yodzisintha yokha, yotchedwa Opticruise, sinandivutitsepo. Mabaluni a mpweya amameza maenje moti okwera ambiri amafika pa Jenda ali m'tulo. Dizilo imamwa mwaulemu poyerekeza ndi katundu amene imasenza.

Vuto linali limodzi, kutentha. Mwezi wachitatu dalaivala anaimba foni ali pa Chikangawa kuti muvi wa kutentha ukukwera ndipo basi yachepa mphamvu. Tinasintha thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha, zinakhala ngati zatha. Patapita masabata awiri zinayambiranso. Tinasintha lamba, tinasintha chivindikiro cha thanki ya madzi, ndalama zikungopita. Chinandizunguza mutu n'chakuti basi inkatentha ngakhale potsika Chiweta, pamene injini sikukoka kanthu. Tsiku lina ndinakwera nawo ndekha. Dalaivala anakoka kandodo ka retarder (chipangizo chothandiza mabuleki kuchepetsa liwiro) kali pafupi ndi chiwongolero, basi n'kugwira bwinobwino pa makona aja, koma muvi unkakwerabe ndikuona ndi maso anga. Tinaima m'mbali mwa msewu nyanja ikuoneka kumunsi, amayi ena atatsika ndi ana kukhala pa miyala, ine manyazi atandigwira.

Amene anatulukira chinsinsi ndi makaniko wachikulire wa ku Mzuzu. Anandifotokozera kuti retarder imachepetsa liwiro pogwiritsa ntchito oilo, ndipo moto wa oiloyo umapita m'madzi omwewo oziziritsa injini. Rediyeta ikatsekeka, kutsika phiri kumaitenthetsa ngati kukwera. Atamasula, pakati pa rediyeta ndi intercooler, yomwe imaziziritsa mpweya wolowa mu injini, panali matope ouma, udzu ndi nthenga, zolimba ngati njerwa. Timapaipi tina tinali tophwanyidwa dala n'kuwotcherera, pamwamba atapakapo penti yakuda. Fumbi la m'misewu yapatchire pomwe ankakonza msewu wa M1 linangomalizitsa zomwe zinayamba kale.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Wondigulitsa uja anandiuza maso ndi maso kuti rediyeta ndi yatsopano, ndipo anakwezera mtengo pa chifukwa chomwecho. Nditamutumizira zithunzi pa WhatsApp anati basi inachoka kwake ili bwino, kenako anasiya kuyankha. Rediyeta ina ndaitanitsa ku South Africa ndi ndalama zanga. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chogula ndi ma randi chimapweteka, ndipo ndalama zakunja kuzipeza kwake n'kovuta. Basi inakhala masiku 11 pa galaja, ngongole ya kubanki osaima, dalaivala ndi kondakitala akudikira malipiro.

Chiikireni rediyeta yatsopano tatsika Chiweta maulendo angapo muvi uli pamalo pake. Mabuleki nawo akukhalitsa, chifukwa retarder ndi imene ikugwira ntchito yaikulu pa zitsetse. Tsopano Loweruka lililonse anyamata amapemerera rediyeta ndi mpweya, ndipo ndimaimirira pomwepo.

Ndiye alamu, chasisiyi ndingaigulenso, ndikaona mmene yapiririra msewu wa kumpoto. Koma kwa munthu uja sindidzabwererako. Mukapita ku Joni mutenge makaniko wanu, mumulipirire ulendo, amasule kumbuyo aone pakati pa rediyeta musanapereke ngakhale randi imodzi. Ine ndalama imene ndinakana kuwononga pa tikiti ya makaniko ndailipira kambirimbiri, ndipo ngongole ya rediyetayi ndimaliza mwezi wa mawa.