Four-wheel yatsopano ndi yabwino, koma za DPF wogulitsa anakhala chete

Ndikupereka nyenyezi 3 pa 5, ndipo ziwiri zachotsedwazo wazidya ndi wogulitsa pamodzi ndi anthu ake a ku garaja. Galimoto yake ndi double cab yatsopano ya dizilo, ya otomatiki, imene mtengo wake ungagule four-wheel zakale zingapo. Pofika pano yayenda makilomita 38,000, ndipo ochuluka mwa amenewa ndi a m'tchire, m'matope ndi m'miyala.

Pogula funso linali limodzi: kodi galimoto iyi ipirira kuyenda masiku angapo m'low range (magiya oyenda pang'onopang'ono koma okoka mwamphamvu), kutali ndi tala? Wogulitsa anayankha akumwetulira kuti imapita paliponse. Anaonetsa mipando yachikopa, kamera yoonera kumbuyo ndi batani la diff lock, imene imamanga matayala a ekiselo imodzi kuti azizungulira pamodzi. Za DPF, sefa yogwira mwaye mu ekzozi, sanatchule ngakhale kamodzi, chikhalirecho ndi chinthu choyamba chimene munthu woyenda m'tchire ayenera kuuzidwa.

Zimene zinachitika ndi izi. Galimoto inayenda masiku 4 otsatizana mumsewu wa matope nthawi ya mvula, giya 1 ndi 2 ya low range, liwiro losapitirira makilomita 20 pa ola. Nthawi zambiri injini inkangolira galimoto ili chiimire pogwiritsa ntchito winchi. Tsiku lachitatu madzulo kagetsi kachikasu kanayaka pa dashibodi. Buku la galimoto limati kagetsi kameneka kakayaka, yendetsani pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola kwa mphindi 20 mpaka 30 osaima. Msewu wololeza liwiro lotero unali makilomita 90 kutsogolo. Kutacha kagetsi kachiwiri kanayakanso, ndipo pakati pa chitunda choterera, katundu ali tho kumbuyo, injini inangofooka mwadzidzidzi. Phazi lili pansi penipeni, koma singano ya ma rev inakana kudutsa 2,000. Matayala anayi onse anali atagwira bwino, matope osafika n'komwe pa difu, koma galimoto inkangonjenjemera pamalo amodzi ngati ng'ombe yolema m'goli. Amakaniko amati limp mode: kompyuta imadula mphamvu dala kuti iteteze injini. Kuzimitsa n'kulizanso sikunathandize. Kuchotsa waya wa batire kwa mphindi 15 sikunathandizenso. Imene inadzaikoka n'kuitulutsa pachitundapo inali Land Cruiser 80 ya injini ya 1HZ, penti itasupuka, ikufuka utsi wakuda, koma ikukoka mosadodoma.

Kwa amene simukuidziwa, DPF ndi sefa imene ili mu ekzozi ya magalimoto ambiri atsopano a dizilo, ndipo ntchito yake ndi kugwira mwaye kuti usatuluke ndi utsi. Mwaye ukachuluka, kompyuta imathira dizilo wowonjezera kuti ekzozi itenthe kufika pafupifupi madigiri 600, mwayewo upse. Pa tala zimenezi zimachitika zokha woyendetsa osadziwa n'komwe. M'tchire, pa liwiro la nkhono, ekzozi sitentha mokwanira, kapena kuwotchako kumayamba n'kudukizidwa pamene mwazimitsa injini. Mwaye umangounjikana mpaka sefa itatsekeka. Palinso zoipa ziwiri zimene zimabwera nazo. Dizilo wina wothiridwa pa kuwotcha kodukizadukiza amatsikira mu oyilo wa injini, moti mukaona oyilo akukwera pa dipstick (kachitsulo koyezera oyilo) m'malo motsika, ndiponso akununkha dizilo, dziwani kuti wasungunuka ndipo ayenera kusinthidwa. Chinacho ndi moto: udzu wouma ukadzadza pakati pa ekzozi ndi chitsulo chotchinga pansi, kutentha kumene kuja kungayatse galimoto yonse. Mukayenda m'udzu wautali, gwadani madzulo aliwonse muchotse udzuwo ndi kawaya kopinda.

Chimene chikupweteka mtima kwambiri ndi mmene a ku garaja ya wogulitsa anailandirira nkhaniyi. Mnyamata wa pa kauntala, asanatsegule n'komwe boneti, anati vuto ndi kayendetsedwe, choncho waranti siikhudzapo. Four-wheel imene inagulitsidwa kuti ndi ya m'tchire, lero kuyenda nayo m'tchire kwasanduka mlandu wa woyendetsa! Anaisunga masiku 6 pa ntchito ya maola awiri: kulumikiza kompyuta, kuwotcha mwaye mokakamiza, kusintha oyilo ndi fyuluta yake. Bilu inabwera yonse, osachotsapo kanthu. Pambuyo pake makaniko wina wachikulire wa pomwepo ndi amene ananong'oneza kuti galimoto yomweyi ili ndi mtundu wina wokhala ndi batani lowotchera mwaye galimoto ili chiimire, ndipo kuti kuchuluka kwa mwaye kumaoneka pa kachipangizo ka OBD2, kowerenga kompyuta ya galimoto, kotsika mtengo kolumikiza pansi pa chiwongolero. Mawu awiri amenewa akananenedwa tsiku logula, vuto lonseli silikanachitika. Wogulitsa ankadziwa kumene galimoto ikupita, koma anasankha kugulitsa imene inali pabwalo.

Komabe ndikanama nditanena kuti galimotoyi ndi yoipa. Mkwiyo utaphwa, zabwino zake zikuoneka poyera. Injini zatsopano za malita 2.8 kapena 3 zimatulutsa mphamvu yokoka pafupifupi 500 Nm, pamene 1HZ ya malita 4.2 sifika n'komwe 300 Nm. Kusiyanaku kumamveka mumchenga wakuya ndi pokwera phiri ndi katundu. Traction control yake ndi yochenjera: tayala limodzi likakwera m'mwamba n'kumazungulira pachabe, buleki imaligwira ndipo mphamvu imapita ku tayala limene lili pansi. Four-wheel yakale yopanda diff lock pamalo otero imangokumba dzenje. Potsetsereka pamiyala, galimoto imadzigwira yokha mabuleki tayala ndi tayala, zimene phazi la munthu silingathe. Dizilo imamwa wochepa, mabuleki ndi akuthwa, ma airbag alipo, ndipo munthu amatsika atayenda maola 10 msana usakuwawa. Ulendo uliwonse wa m'tchire umayamba ndi kutha pa tala, ndipo ngozi zoopsa zimachitikira kumeneko. Pa mbali imeneyi yatsopano yapambana kutalitali.

Yakale nayonso si mngelo, ndipo amene amaitamanda mopyola muyeso kawirikawiri sanalipirepo bilu yoikonza. Land Cruiser 80 inapangidwa kuyambira 1990 mpaka 1997, kutanthauza kuti yaing'ono kwambiri yadutsa zaka 25. Ubwino wake ndi woti ndi yosavuta. Pampu ya dizilo ndi yamakina chabe, ndipo magetsi amene imafuna kuti injini ipitirize kulira ndi a kawaya kamodzi kopita ku solenoid, kavavu kotsegula ndi kutseka dizilo. Ya manyuwale, batire likafooka mumakankha n'kulira, pamene otomatiki simungaikankhe. Four-wheel mumailowetsa ndi dzanja pa chitsulo, osadikira kamota kamagetsi. Nissan Patrol ya injini ya TD42 ndi chimodzimodzi, ndipo iyo ilibe n'komwe lamba wa timing chifukwa imagwiritsa ntchito magiya. Ekiselo yakutsogolo ya magalimoto amenewa ndi chitsulo chimodzi cholimba, imene imalola matayala kutsatira nthaka bwino m'maenje.

Koma musanagule yakale, lowani pansi ndi tochi ndi kanyundo. Gogodani chasisi, makamaka kumbuyo pafupi ndi thanki ndi pamene pamangidwa masipuling'i, chifukwa dzimbiri limayambira mkati. Yang'anani kuseri kwa matayala akutsogolo: mukaona girizi wosakanikirana ndi oyilo akuchucha pa mpira wa ekiselo, ndiye kuti ma seal atha ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kuphwasulidwa. Kwezani tayala ndi jeke, muligwedeze pamwamba ndi pansi kuti mumve ma bearing. Injini ili yozizira, tsegulani chivundikiro cha radiyeta n'kuliza: thovu likamatuluka mosalekeza, silinda hedi ili ndi vuto. Chimene chimapha injini zakalezi kawirikawiri ndi kutentha, kochokera ku radiyeta yotsekeka kapena fani yotopa. Ngati palibe umboni wa tsiku limene lamba wa timing wa 1HZ anasinthidwa, sinthani musanayende ulendo. Ikani padera ndalama ya mapaipi onse a madzi, ma bush, mashoko ndi mabuleki, chifukwa mtengo wogulira ndi chiyambi chabe.

Pa yatsopano pali zina zimene wogulitsa yemwe uja sananene. Injini za common rail zimapopa dizilo pa mphamvu yoposa ma bar 1,600, ndipo madzi ochepa kapena fumbi la mu dizilo wa m'migolo limawononga pampu ndi ma injector onse nthawi imodzi. Ikani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, ndipo muzitenga ina yapadera. Oyilo ayenera kukhala wa phulusa lochepa, wolembedwa kuti ndi wa injini za DPF, chifukwa phulusa la oyilo wamba silipsa, limangotseka sefa mpaka kalekale. Matayala imabwera nawo ndi a pa tala, pa marimu a mainchesi 18 okhala ndi mphira wochepa m'mbali. Mumchenga mumafunika kuchepetsa mpweya kufika cha m'ma bar 1.2, ndipo tayala lopyapyala chotere limang'ambika kapena kupinditsa rimu pamwala. Ngati mabuleki akulola, marimu a mainchesi 17 kapena 16 ndi matayala a all-terrain ndiye oyenera. Mawaya a sensa za ABS, zoyeza kuzungulira kwa matayala, amadutsa pafupi ndi matayala, ndipo kamtengo kakadula umodzi, traction control imazima pomwepo. Amangeni bwino ndi ma cable tie. Kamota kolowetsa four-wheel kamauma kakakhalitsa osagwira ntchito, choncho lowetsani 4H (four-wheel yothamanga) ndi 4L (low range) kamodzi pamwezi pamsewu wafumbi. Mapaipi opumira a madifu ndi giyabokosi akwezeni m'mwamba musanayambe kuwoloka mitsinje, ndipo zimenezi ndi za yakale ndi yatsopano yomwe.

Maganizo anga ndi akuti muyese ndi mtunda wochoka pamene muli kukafika kwa makaniko wokhala ndi kompyuta. Ngati maulendo anu ndi a tsiku limodzi kapena awiri, ndipo pakati pake pamapezeka msewu wothamanga, tengani yatsopano mosakayika, bola ikhale ya batani lowotchera mwaye. Ngati galimoto izikhala milungu m'low range, ikumwa dizilo wa m'zigubu, yakale yokonzedwa bwino idzakubwezani kunyumba ndi sipanala ndi waya basi. Chichitikire vuto lija, kachipangizo ka OBD2 kamakhala kolumikizidwa nthawi zonse, mwaye ukayandikira kudzadza galimoto imaperekedwa mpata wowotcha mpaka kumaliza injini isanazimitsidwe, ndipo kagetsi kaja sikanayakenso. Galimoto ndiigulanso. Kwa wogulitsa uja ayi, ndipo kalata yodandaula za bilu ya masiku 6 aja sanaiyankhe mpaka lero.