Musawakhazike pansi agogo

Ndatha zaka zitatu ndikusamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Leeds, m'dziko la England. Gogo wina wa zaka 84 amene ndimakawaona m'mawa uliwonse anaterereka kubafa. Sanathyoke paliponse, koma mantha anawalowa. Anasiya kuyenda, tsiku lonse ali pampando maso pa TV. Ine ndinkati ndikuwachitira chifundo, tiyi ndinkawapezetsa pomwepo. Si mmene timachitira kwathu? Nkhalamba ikagwa timati, "Khalani pansi agogo, tikuchitirani."

Patapita milungu ingapo kunabwera mtsikana wa mafizo wochokera ku NHS, bungwe la boma loona zachipatala kuno. Anayeza mamita 3 kuchokera pampando, n'kuwauza gogo aja kuti adzuke, ayende, atembenuke, abwerere adzakhale, iye ali ndi wotchi m'manja. Anadutsa masekondi 20. Akuti munthu akapitirira 12 ndiye kuti kugwa kuli pafupi. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti tiyi azikatenga okha kukhitchini. Manyazi ake!

Anandifotokozera kuti munthu akamangokhala minofu ya m'ntchafu imafooka msanga, ndiye tsiku limene wadzuka kuti athamangire kuchimbudzi ndi limene amagwa. Kuno amati mwa anthu atatu opitirira zaka 65, mmodzi amagwa kamodzi kapena kuposa pachaka, ndipo chimene amaopa kwambiri n'kuthyoka fupa la m'chiuno.

Mafizo ake, otchedwa Otago chifukwa anayambira kudera la Otago ku New Zealand, safuna makina. Kudzuka pampando osatsamira manja, kunyanyamphira atagwira tebulo, kuyenda cham'mbali, kuyenda chidendene chikugunda zala za phazi linalo. Katatu pamlungu. Anawayezanso BP atagona ndiponso ataimirira, chifukwa ena imatsika akangodzuka n'kuchita chidima m'maso. Tsopano amayamba akhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire. Ndodo nayo ndinkaidziwa molakwika: chogwirira chifike pamfundo ya dzanja munthu ataima, ndipo aigwire mbali ya mwendo wamphamvu, osati wodwalawo.

Chandiwawa n'chakuti amayi ku Ntcheu ndinawagulira sofa, n'kuwalembera mtsikana wantchito kuti asamagwire kanthu. Chonsecho kudzuka pamphasa kangapo patsiku, kusesa pabwalo, kupita okha kudimba, amenewo ndiye mafizo amene azungu kuno amachita kulemberedwa papepala. Ndalama zanga zomwe ndi zimene zinkawafooketsa miyendo.

Ndinawaimbira achemwali Lamlungu. Ndinati tsache muwabwezere, chitenje asamachimange mpaka kukwekwera pansi, tochi izikhala kumutu kwa bedi chifukwa chimbudzi chili kuseri kwa khola, ndipo chizungulire chikapitirira mupite nawo kuchipatala, musamati ndi ukalamba. Amayi analanda foni n'kuti, "Iwe, tsachelo ndani anakuuza kuti ndinalisiya?"